Mlungu Umene Ndinatsala Pang'ono Kugulitsa Sajeni ndi Bulaki

Lolemba

Zivute zitani, ndilemba. Aphunzitsi a sukulu ya kwacha anati, "Madala, mukadumphitsa tsiku limodzi zilembo zikuthawani." Ndiye kope ili, pensulo iyi. Ine zanga zonse ndinaphunzira ndi khutu, cholembera ndachigwira imvi zili kale mbuu. Chilembo chikagona chammbali, chigone, chatopa.

Nkhani ndi iyi: ndikugula galimoto!

Osati galimoto wamba ayi. Yofiira psuu, yopanda denga, mipando iwiri yokha, yogwadira pansi ngati mphaka waona khoswe. Ndaiona lero pa kalendala m'golosale ya pa Malomo, pamwamba pa matumba a mchere. Pansi pake alemba kuti imagulitsidwa ku Bulantaya. Ndawerenga ndekha, chilembo chimodzichimodzi, mwini golosale ali chiimire ndi botolo langa la palafini m'manja.

Yotereyi ndikuidziwa ine. Ku Joni ndinaitsuka zaka zinayi, ya bwana wina wosachedwa kupsa mtima. M'mawa uliwonse ndowa ndi kansanza. Fungo la mipando yake mpaka lero lili m'mphuno muno. Koma kukhalamo, ngakhale kuika thako limodzi, ayi ndithu.

Zimene zilipo:
— ndalama ya fodya wa zaka zitatu, ili gone m'buku la kupositi
— dzina. Mchikumbe amene alangizi amabwera kudzaonetsa anthu munda wake sangafe akupalasa njinga
— jekete ya ku Joni (njenjete zangodya thumba limodzi)
— chipewa

Zimene palibe:
— kuyendetsa. Ndiphunzira. Ng'ombe ziwiri ndimaziwongola ndi mluzu, nanga chinthu chopanda nyanga chingandivute?
— yoonjezera kuti ikwane

Yoonjezerayo ili m'khola. Sajeni ndi Bulaki, ng'ombe zanga zapangolo, zaka zisanu ndi ziwiri pagoli limodzi. Ndakumana ndi a Yobe, amene amapha ng'ombe pa Malomo. Tagwirana chanza anthu akuona, pakhonde pa telala. Abwera Loweruka m'mawa ndi zingwe. Mawu a munthu wamkulu sabwerera m'kamwa.

A Filimoni amakanika anali pomwepo, manja ali bii ndi girizi. Akuti, "Mupitiranji kutali, madala? Kalole kanga kali pompano. Mukagwire, mukanunkhize, mukakwere." Kalole kawoko ndikukadziwa. Chitseko chimodzi n'chomanga ndi luzi. Ndati zikomo, ine ndikufuna yosakhalidwapo ndi munthu.

Akazi anga, a Naphiri, sindinawauze. Ndikudikira poyenera.

Lachiwiri

Poyenera palibe. Amva kale kuchitsime. Nkhani yafika pakhomo ine ndisanasukusule.

Kuyambira m'mawa pakhonde sipakuzizira. Anthu akubwera kudzayamika, aliyense ndi katundu wake m'kamwa. Ndinaiwala chinthu chimodzi: kuno galimoto sikhala ya amene wagula.

Amene alembetsa kale:
— akulu a mpingo: kwaya ipite ku Mvera mwezi wamawa, anthu ake, mapoto ake, nkhuni zake
— a tcheyamani a nthambi ya chipani: amayi ovina tsiku la msonkhano. Awa sapempha, amangokudziwitsa
— mtengwa wa kwa a Jere, watsala masabata awiri kuti achire
— a Gelesomu: nkhumba yawo yaikazi ikaonane ndi yamphongo ya kutsidya
— a kuchigayo, amenewo ndiye sindinawerenge

Ndikuti mipando ndi iwiri yokha. Sakumva. "Enafe tikhala kumbuyo." Kumbuyo kulibe. "Ndiye pamwamba." Pamwamba palibe, ndi yopanda denga. Kenako akulu a mpingo, mwaulemu wawo uja: "Ndiye mwati ndi yatsopano, kapena sanamalize kupanga?"

Mudzi wa anthu osayenda!

A Naphiri tsiku lonse akungosesa, ndipo tsache likungofuna pamene pali mapazi anga. Dzuwa litapendeka akhala pansi, atambalala, mafunso atatu:

"Mpando wachiwiriwo ndi wa yani? Ine ndi chiuno changachi sindikwanapo."

"Chimanga chili pamikukwe kumundako chibwera ndi miyendo?"

"Tsiku lanu likadzakwana, bokosi tidzalisenza pamutu?"

Funso lachitatulo landilasa, chifukwa ngolo yangayo ndi imene yaperekeza maliro onse a mudzi uno. Ndayankha kuti akazi za makina sazidziwa. Iwo angoti, "Eya." Eya ameneyo ndikumudziwa. Ndakhala naye zaka makumi anayi.

Kukhola ndangotsegula chipata nkhope ili kumbali.

Lachitatu

Kuboma, ku Ntchisi, kukaimba lamya. Nkhungu mpaka osaona gudumu lakutsogolo. Pokwera ndikukankha njinga, potsika ndikupemphera.

Kalaliki wa papositi akuti dikirani, waya ngwotanganidwa. Ndadikira pabenchi mpaka nthochi zanga zonse zatha. Kenako, "Madala, Bulantaya!" Ndavula chipewa. Chinthuchi ku Joni ndinkangochipukuta fumbi, lero chili pakhutu panga. Ndapereka moni bwinobwino, ndafunsa za kunyumba, za ana, ngati kumeneko kukuzizira. Kalaliki akundikodola kuti nthawi ikutha. Kodi munthu ungayambe malonda usanadziwe ngati mnzako wadzuka?

Kumbali inayo ndi bambo wa mawu a m'mphuno. Zimene wandiuza:

1. Galimotoyo kulibe. Ili kutsidya kwa nyanja yamchere. Iwo ali ndi chithunzi, chomwechija cha m'golosale.
2. Nditumize chikole kaye ndiye aiitanitse. Ifika liti? "Zimatengera sitima."
3. Ikadwala, chipatala chake n'komweko ku Bulantaya. Amakanika akuno asaikhudze n'chala chomwe.
4. Yofiira mwina isapezeke. "Yobiriwira ingakhale bwanji, bwana?"

Yobiriwira! Ndigulitse ng'ombe kuti ndikwere chitete?

Ndati, bambo, ine mbuzi sindigula ndisanaigwire pamsana. Ng'ombe ndimaitsegula kukamwa, ndimaiyendetsa, ndimafunsa amake anali otani. Akuti, "Makasitomala athu amatikhulupirira." Ndafunsa chiwongo chake, waseka. Ndafunsa kwawo, akuti zimenezo sizikukhudzana. Sizikukhudzana! A Filimoni akandinamiza pakhomo pawo ndikupadziwa, apongozi awo timapemphera mpingo umodzi. Uyu ndikamupeza kuti? M'waya?

Funso lomaliza, kalaliki atatambasula kale dzanja: mimba yake yatalikirana bwanji ndi nthaka? Wawerenga m'buku, watchula mainchesi. Kalaliki wandionetsa pa lula, ine ndathyola kabango kuseri kwa positi, ndadula mulingo womwewo. Kabango kake sikakufika n'kutalika kwa chikhatho changa. Ndakaika m'thumba lamoyo lija.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndawauzapo anthu ambiri mawu amenewa. Koma inu, mmene yagwadira pa kalendala paja!

Chikole sindinatumize. Ndati ndiyambe ndayeza msewu.

Lachinayi

Ntchito ya lero: kuchokera pa Malomo, pamene msewu wa boma wapatukira, kufika pakhomo panga.

Kayezedwe kake: njira yathu ili ndi mikwasa iwiri ya magudumu, pakati pali msana. Ndikuimika kabango mumkwasa, ndikugwada, ndikutsinzina diso limodzi. Msana ukakapitirira, ndiye kuti pamenepo galimoto yakhala pamimba, magudumu akupalasa mphepo. Malo otero ndikutola kamwala, m'thumba.

Kamwala. Kamwala. Kamwala.

Pofika pa chulu cha kwa a Gelesomu jekete yapendekera mbali imodzi, ndikuyenda ngati nkhanu. Theka la njira lisanakwane!

Ndakhala pachitsa kutukwana amene anakumba mikwasa yotereyi. Anthu osaganizira anzawo. Kenako ndayang'anitsitsa kukula kwa gudumu lake. Ngolo yanga. Njira ino imayenda ngolo imodzi yokha. Ndatukwana ndekha mpaka agogo anga.

Pamtsinje mlatho palibe, ndi miyala. Madzi a mwezi uno, ongofika m'kakolo, kabango kamira. Nanga dzinja?

Zimene ndamva ndili chogwada:

"Mwataya chiyani, agogo?"

"Asiyeni, akutchera mankhwala."

"Ayi, boma likuyeza msewu. Atuma achikumbe."

Yomalizayi ndiyo yoopsa. Yathamanga kuposa ine. Dzuwa lisanafike pamutu a tcheyamani atulukira panjinga, thukuta lili kamukamu. "Wakutumani ndani? Za misewu amalengeza ndi eni ake, osati inu." Kuyankhula m'malo mwa boma kumafikitsa munthu kundende ya ku Dzaleka, ndipo kuchokera pano si ulendo wofuna kamba. Ndatulutsa khadi la chipani. Ndatulutsa kabango. Ndakhuthula miyala pamapazi pawo. Ndayamba kufotokoza kuyambira ku Joni. Amvera mpaka pa ndowa ndi kansanza, atopa. "Chabwino, koma musamagwade pamsewu, anthu amaganiza zambiri. Ndipo za amayi aja musaiwale."

Maondo atupa ngati maungu. A Naphiri aika madzi ofunda pambali panga, apita.

Bulaki akulira kukhola. Amalira choncho madzulo alionse. Koma lero ndikumva ngati akufunsa.

Latsala limodzi pakati.

Lachisanu

A Filimoni abwera ndi kalole osaitanidwa. Tinakamva kali kutsidya, nkhuku zathawira kunsi kwa nkhokwe. "Ingolawani, madala. Kulawa si kugula."

A Naphiri akazungulira kawiri, asuzumira kumbuyo, akuti, "Umu chimanga chingalowe." Mawu abwino oyamba mlungu uno, ndipo apita kwa galimoto ya eni.

Ndaganiza: mwina nzeru ili pompano. Chapafupi, chooneka ndi maso, mwini wake wodziwika.

Ndakwera kutsogolo. Luzi amanga. Chitsulo china cha mumpando chikundilasa pamalo osatchula. Kulira kwake n'kochita kukankha kutsetsereko, kenako phu! phu! phu! tanyamuka. Ndivomere pano, poti kopeli ndi langa: zinakoma. Mphepo kumaso, chipewa ndagwira ndi dzanja, anthu m'minda akuweramuka. Ndinakweza dzanja pang'ono ngati nduna.

Mpaka padambo la kumadimba, pamatope akuda aja osauma chaka chonse. A Filimoni akuti, "Apa timadutsa ndi liwiro." Tadutsa ndi liwiro mpaka pakati.

Magudumu akungolira, matope akuulukira kumwamba. Amuna asanu ndi mmodzi asiya makhasu kudzakankha, onse asanduka zithunzi zadothi. Kalole kali phee, kakumira pang'onopang'ono ngati kakuganiza. A Filimoni atsika, ayatsa ndudu, osadandaula n'komwe. "Katengeni akuluakulu aja."

Ndapita ndi maondo angawa. Goli, tcheni. Sajeni waweramitsa yekha khosi, sadikira kuuzidwa. Bulaki amayamba wayang'ana mnzake, akaona kuti wakoka ndiye nayenso. Mluzu umodzi wokha. Umodzi! Kalole katuluka ngati dzino logwedera.

Anthu m'manja. A Filimoni akupukuta nsapato ndi udzu, akuti, "Kuno galimoto iliyonse imayenda ndi ng'ombe ziwiri, madala. Yanga, ya abusa, ya ogula fodya. Mukagulitsa izi mudzabwereka za yani?"

Ndayang'ana chigwa chonse, kumtunda ndi kumunsi. Zodziwa goli n'zanga zokha.

Ndiye zili chonchi:
— ya ku Bulantaya: kulibe, ndipo ikadzabwera pakhomo siidzafika
— ya a Filimoni: ilipo, koma imafuna ng'ombe
— ng'ombe: mawa dzuwa ngati lino zikhala zili lende pa Malomo, ntchentche zikuzungulira

Ndatsuka matope pa Sajeni ndi chitsa cha udzu. Pakhosi pali chipsera cha goli loyamba, ndinalisema molakwika ndine. Sanandisungire mlandu.

Sindikufunanso. Apo ndalemba. Sindikufuna!

Koma chanza chija. Anthu anaona. Ine amene pamaliro ndi pamilandu amati "tiyeni timve madala", ine amene ndimadzudzula achinyamata kuti lilime lawo lili ndi nthambi. Ndikabweza mawu, adzandimveranso ndani?

A Naphiri, akusenda maungu, osandiyang'ana: "Pakamwa panu ndi pamene panamanga. Pomwepo pamasule."

Pakamwa... Dikirani. Zinthu ziwiri ndikuzidziwa. Ng'ombe sichoka pamudzi popanda chiphaso cha adokotala a ziweto a kudibi, ndipo Loweruka amatseka dzuwa likafika paliwombo. Chachiwiri, mlendo satchula chimene wadzera malonje asanathe. Ndipo malonje a mwini khomo amathera pamene mwini khomo wafuna.

Ndimwe madzi ambiri.

Loweruka

A Yobe afika mame asanaume. Zingwe ziwiri paphewa, zatsopano. Ndi mwana wa mnzanga amene tinapitira limodzi ku Joni, woleredwa bwino, munthu wamkulu samudula mawu. Pamenepo ndi pamene ndadalira.

Mpando. Moni. Malonje awo: adzuka bwino, ana ali bwino, anyamuka, adutsa pamtsinje, afika. Basi! Malonje ngati mchira wa mbuzi.

Tsopano anga.

Ndayambira Lolemba. Koma kuti Lolemba limveke, ndabwerera ku Joni. Kuti Joni amveke, ndabwerera ulendo wapansi ndi bambo awo, mmene tinagonera mumtengo mikango ikulira pansi. Kenako:
— bwana uja ndi galu wake wodya pambale
— mmene Sajeni anabadwira mvula ikugwa, ndi mbiri ya amake
— lamya ya Lachitatu, mawu onse awiri, a m'mphuno ndawatengera bwinobwino
— mwala uliwonse wa Lachinayi, pamalo pake

A Yobe akungoti, "Eya... inde... zoona, madala." Diso lili pa mthunzi wa nkhokwe. Langanso lili pomwepo. Ukufupika, koma mwaulesi wake!

Kawiri agwira zingwe. "Ndiye, madala..." Ine, "Ndikubwera komweko."

Pofika pakati mawu ayamba kuchepa. Ine! Chibadwire sizinandichitikire. Kukhosi kwauma, mutu uli mbee ngati munda wokolola. Ndikuona a Yobe akukonza miyendo kuti aimirire.

Ndiye atulukira a Naphiri ndi chipanda cha thobwa, agwada, apereka kwa mlendo. Mlendo sanyamuka chipanda chili chodzaza. Chatha, abwera ndi mbatata yootcha. Potembenuka akuti, "Mwadumpha za alamu anu aja anathamangitsidwa ndi njuchi paukwati." Mayi ameneyu! Zaka zonsezi amati nkhani imeneyo yawatopetsa. Ndaikoka ngati ulimbo, njuchi iliyonse ndi ulendo wake.

Oyandikana nawo ayamba kusonkhana, ena pamwala, ena pamtondo. Amva kuti madala atsegula.

Mthunzi walowa kunsi kwa nkhokwe. Paliwombo!

Ndadzidzimuka mwaluso. "Aa! Taonani dzuwa! A kudibi atseka. Pepani a Yobe, ukalamba, pakamwa sipamva."

Amaliza mbatata yawo bwinobwino, apukuta manja. "Palibe kanthu, madala. Ndibwera Lolemba. Likavuta, Lachiwiri. Nkhani zanu n'zokoma, thobwa n'laulere."

Ha!

Izi sindinaziganize. Mlungu uli ndi masiku ambiri, ine nkhani zanga zonse ndakhuthula lero. A Naphiri aima pakhomo ndi chipanda chopanda kanthu, akundiyang'ana. Kukhola ndikumva Sajeni akukhulitsa nyanga pamtengo, akufuna kubusa, sakudziwa kanthu.

Ndati, "Musabwere. Ng'ombe sindigulitsa. Ndinalakwa."

Nkhani yaifupi chotere sindinanenepo moyo wanga wonse.

Ndimayesa nthaka ing'ambika. Ayi. Nkhuku zikungotola zakezo. A Yobe aseka mpaka kutsokomola. "Mukanatero m'mawa, madala, bwenzi pano ndapeza ina kwina. Ndinadziwa mutangoyamba za mikango."

Wobweza malonda amapepesa miyendo ya mnzake, ndi mwambo, sindinatsutse. Tambala wanga wamkulu wapita. Am'manga ndi chingwe chimene chinabwerera Sajeni, kuzunguliza, kuzunguliza, chotsala akoleka paphewa. Chingwe cha ng'ombe pa tambala! Anthu awaperekeza ndi chiphwete mpaka kumsewu. Ena amaseka ine, ndikudziwa.

Ndatsegula khola ndekha, nkhope ili kutsogolo.

Lamulungu

Mawu atha. Ndikatsegula pakamwa pakutuluka kamphepo ngati mpira wa njinga wobooka. Kutchalitchi nyimbo ndangoyendetsa milomo. A Naphiri akuti Mulungu ali ndi njira zambiri zopumitsira anthu ake.

Potuluka:

"Achikumbe, mwaimika kuti, tingaiponde?"

"Imbani hutala timve!"

"Madala, kwaya tiziti ikwera Sajeni kapena Bulaki?"

Mayankho ndili nawo, okoma, atatu. Kukhosi kwakana. Ndangokweza chipewa. Aseka mlungu uno, mwina ndi wamawa, mpaka wina achite chake chopusa. Mudzi uno suchedwa kupereka.

Dzina lachepa pang'ono, ndikuona. Pabwalo la tchalitchi panali kankhani ka malire a dimba, afunsa a Jere, ine ayi. Zawawa. Osati kwambiri.

Galimoto ija sindidzakhalamo. Ya fodya igone m'buku momwemo, mwina malata, a Naphiri akhala akunena. Alipo anthu amene anabadwira mipando yotero, misewu yawo ndi yosalala ngati mbale. Ine ndinabadwira m'zitunda. Palinso kena kakutsina apa pachifuwa, sindinama. Koma ndadya bwino lero koyamba chiyambire Lolemba, ndapempha n'koonjezera.

Masana kukhola, kuchotsa nkhupakupa. Bulaki wagona, akubzikula, maso ali tsinzine. Ndimati ndiwafotokozere onse awiri mmene zinayendera, ndiwapepese monga anthu, koma mawu palibe. Ndangokanda Sajeni kuseri kwa khutu.

Wasuntha, wandiponda phazi. Thupi lonse lija, pa chala chachikulu. Waima pomwepo, osafulumira, akuyang'ana kuphiri.

Sindinamumenye. Ali ndi chifukwa.